Ekizozi yomwe apongozi anandinyamulira

Anzanga, mukandiona masiku ano nditaima pa siteji ya basi ku Etobicoke, manja ali m'matumba, chonde musandifunsenso kuti njinga yamoto ija ili kuti. Ndikufotokozerani lero kamodzi kokha, museke mpaka nthiti ziwawe, kenako nkhaniyi tiikwirire.

Mkazi wanga Esinati ndi namwino wa asilikali a kuno ku Canada. Ukakwatira msilikali umakhala wakwatiranso makatoni, chifukwa zikangopita zaka zitatu kapena zinayi kalata imabwera yoti longedzani, mukupita kwina. Iyeyo akafika kumalo kwatsopanoko amapeza ntchito ikumudikira, anthu akumudziwa kale dzina ndi udindo. Ine Fanuelo Nkhoma ndimafika ndi mapepala anga a sukulu m'manja, n'kuyambiranso kugogoda m'maofesi ngati ndangotsika ndege dzulo. Sindikudandaula ayi. Chabwino, ndikudandaula pang'ono.

Tisanabwere kuno tinakhala zaka zinayi ku Manitoba, pamalo a asilikali, kutali ndi tauni, kumene chisanu chake ukatuluka panja mamina amauma usanawapukute. Nyumba inali ya ntchito ya Esinati. Anzathu anali a kuntchito kwa Esinati. Ngakhale mayi wa m'sitolo ankandidziwa kuti ndine mwamuna wa Esinati. Ndiye tsiku lina msilikali wina amene ankasamutsidwa anandisiyira njinga yamoto yakale, yakuda, yoti inatha zaka ziwiri osalira, ine n'kuikankhira m'galaja. Nyengo yonse yozizira ndinaithera m'menemo ndi kahita kothamangitsa chisanu ndi mavidiyo a pa foni, ndikumasula, ndikutsuka, ndikumanga, ndikumasulanso chifukwa nati imodzi yatsalira pansi. Tsiku limene inalira, nanenso misozi inalengeza, sindibisa. Kuyambira pomwe ndinafika m'dziko muno, aka kanali koyamba kukhala ndi chinthu choti munthu akachiloza atchule dzina langa.

Vuto linali limodzi, inkalira mwaulemu kwambiri. Ekizozi yake yochokera ku fakitale inali chichitsulo cholemera, chotalika ngati mkono wanga wonse, ndipo chinkameza phokoso lonse. Umadutsa pamsewu, agalu osatembenuka n'komwe. Nanga munthu angavutike miyezi isanu kuti anthu asamumve? Ndinaichotsa n'kuikapo kapaipi kakafupi, konyezimira, kopanda kanthu mkati. Eee, pamenepo ndiye zinthu zinasintha! Ndikailiza m'mawa mawindo a aneba ankanjenjemera. Anthu anasiya kunena kuti mwamuna wa Esinati, anayamba kunena kuti mkulu wa njinga yaphokoso uja. Lero ndikamaganiza ndimaona kuti sankandiyamikira, koma nthawi imeneyo ine zinkanditsekemera.

Chichitsulo chakalecho chinakhala pakona ya galaja chaka chathunthu. Esinati ankangoti, "A Fanu, kaperekeni chimenecho kwa a sikirapu, chikungotipunthwitsa." Koma inu mukundidziwa, ndinakulira ku Mponela, kumene chitini sichitayidwa, chikatha ntchito chimasanduka koloboyi. Mmalawi angataye chitsulo chabwinobwino chonchija? Dzanja linkakana.

Ndiye inafika nthawi yotumiza mgolo kumudzi, uja timadzazamo zovala zomwe zatichepera, nsapato zomwe tatopa nazo ndi mabulangete omwe asuluka. M'mbali munatsala mpata. Ndinayang'ana mpatawo, ndinayang'ana pakona paja, nzeru n'kundibwerera. Achimwene anga aakulu, a Lakisoni, ndi makaniko wa njinga zamoto za kabaza ku Mponela komweko. Ndi amene anandilera bambo atamwalira, ndipo anasiya sukulu ali fomu 2 kuti ine ndipitirize. Ndinakulunga ekizozi ija m'bulangete n'kuilowetsamo.

Zikanathera pomwepo bwenzi kulibe nkhani. Koma ine pakamwa panga sipakhala phee. Ndinatenga foni n'kujambula uthenga, mawu ake okhuthala ngati a nduna ikutsegulira mjigo: "Achimwene, mu mgolomo ndaikamo mphatso yanu yapadera. Ndi chitsulo chapamwamba, choti ku Malawi konse simungachipeze. Ndachita kukusankhirani inuyo." Ndachita kusankha! Chonsecho ine ndinkangofuna pakona payere.

Patapita miyezi inayi anandiyankha ndi uthenga wautali, akuthokoza, akubwereza, akuthokozanso. Ekizoziyo sinkakwana pa njinga iliyonse ya kabaza, zawo zija n'zazing'ono, ndiye anaipukuta n'kuipachika ndi waya pamwamba pa khomo la shedi yawo. Ananditumizira chithunzi ataima pansi pake, atavala ovololo yochapa. Akuti anthu anayamba kulozerana kuti pitani kwa a Lakisoni, pa ekizozi ya ku Canada paja. Chithunzicho ndinachiyang'ana nthawi yaitali, mumtima mukundiluma pang'ono, koma ndinangoyankha ndi kachala kaja koloza m'mwamba, n'kupitiriza zanga.

Chaka chathachi kalata ija inabwera, yoti tisamukire ku Toronto. Osamutsa katundu anafika ndi chilole, ananyamula zonse, njinga yanga anaimanga bwinobwino ndi malamba. Tinapeza fulati ku Etobicoke, nsanjika yachisanu ndi chinayi, pafupi ndi bwalo la ndege. Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, mwana wathu woyamba. Njinga ndinaiika kunsi kwa nyumbayo, koimika magalimoto.

Ndinangoiliza kamodzi. Kunsi kujaku kuli ngati m'phanga, phokoso linagunda makoma n'kubwerera, ma alamu a magalimoto atatu n'kuyamba kulira nthawi imodzi. M'mawa mwake mayi woyang'anira nyumbayo anandiimitsa pa chikepe akumwetulira, kumwetulira kwa kuno kuja kwa mano okha. Anati waona kuti njinga yanga ikadali ndi nambala ya ku Manitoba. Lamulo la nyumbayo ndi loti chilichonse choima kunsiko chikhale cholembetsedwa m'chigawo chino, chili ndi inshulansi yake. Anandipatsa mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo anati zikakanika njingayo ichoke. Ine kwina koiika ndinalibe.

Ndinati zazing'ono zimenezo. Kuti njinga yochokera chigawo china ilembetsedwe kuno, imayamba yakayesedwa ku galaja yovomerezeka, akupatse chikalata choti ili bwino. Ndinapita kwa makaniko wina wachikulire dzina lake Manuel, mzungu wa ndevu zotuwa, wosakonda zolankhulalankhula. Ndinafika ndi phokoso langa lonse, ndikuyembekezera kuti ayamikira. Anayang'ana mabuleki, matayala, magetsi, akugwedeza mutu kuti zili bwino, ine chifuwa chikungotukuka. Kenako anagwada kumbuyo, anawalitsa tochi m'kapaipi kanga konyezimira kaja, n'kudzuka akusasa mawondo.

"Ya ku fakitale ili kuti?" anafunsa.

"Ndinaichotsa. Inali yolemera."

"Mkati mwake muli sefa yotsuka utsi," anatero Manuel. Anatenga pepala n'kujambula timabowo tambirimbiri togundana, tonga zisa za njuchi. "Utsi ukamadutsa m'menemu poizoni wake amachepa. Lamulo sililola kuchotsa zimenezi. Bweretsa ekizozi yokhala ndi sefa yake, ndisaina tsiku lomwelo. Popanda imeneyo sindisaina."

Ndinayesa zathu zija. Ndinaseka pang'ono, ndinamuyamikira galaja yake, kenako ndinamuuza kuti mkazi wanga ndi msilikali, akutumikira dziko lino. Tangoganizani, ine amene ndinkadana ndi kutchedwa mwamuna wa Esinati, zitathina ndinali woyamba kulitulutsa dzinalo! Manuel anangoti, "Ukamuthokoze m'malo mwanga. Koma utsi sudziwa zimenezo."

Masabata awiri ndinasakasaka. Fakitale inasiya kalekale kupanga ya mtundu umenewo. Ndinaimba mafoni kwa ogulitsa zitsulo zakale mpaka khutu kutentha. Ndinakwera sitima mpaka ku Oakville kukaona ina yomwe mkulu wina anailengeza pa intaneti, n'kukapeza kuti ndi ya njinga ya chaka china, mabowo a mabauti sakugwirizana. Ndikubwerera pa sitimapo ndinatsegula foni kuti ndiiwale mavuto, ndipo ndinagwera pa chithunzi chija. Ekizozi yanga yeniyeni, yokhayo yokwana pa njinga yanga, inali lende pa khomo la shedi ku Mponela.

Ndiuzeni inu, mphatso amaiitanitsa bwanji? Kwathu ukamupatsa munthu chinthu wamupatsa basi. Kulanda zomwe unapereka ndi manyazi oti anthu amakukumbukira nawo mpaka tsiku la maliro ako. Nanga apa si munthu wamba, ndi mkulu wako amene anakugulira yunifolomu ndi thukuta lomata matayala. Ndipo si chinthu choti anangochiponya pansi pa bedi, chinasanduka chikwangwani cha bizinesi yawo.

Nditamufotokozera Esinati anaseka mpaka kugwira mimba ndi manja awiri.

"Ndiye mwafeila inisipekishoni chifukwa cha chichitsulo chotipunthwitsa chija?"

"Ndikanamvera inu bwenzi pano chitasungunulidwa kwa a sikirapu," ndinatero, pofuna kuti nanenso ndiwine kenakake.

"Chabwino, mwawina. Tsopano aimbireni achimwene, muwauze zoona. Mungoti munkaiona ngati yotha ntchito, pano mwazindikira kuti ndi yofunika, ndipo muwafotokozere chifukwa chake. Ndi munthu wamkulu, amva."

Malangizo abwino kwambiri. Ndinawamva ndi makutu onse awiri, n'kukaima pakhonde kukachita zosiyana nawo.

"Achimwene, ekizozi ija… ndimafuna ndiibwereke pang'ono."

Chapatali ndinkamva hamala ikugogoda ndi njinga zikudutsa.

"Chavuta n'chiyani, mphwanga?"

Apa ndi pomwe panali khomo lotulukira. Ndikanangoti achimwene, ndinakunamizani, chitsulocho ndinachichotsa pa njinga yanga chifukwa sindinkachifuna, koma mkati mwake muli sefa yomwe lamulo la kuno likufuna. Mawu ochepa chabe. Koma ndinaona m'maganizo ovololo yochapa ija, lilime n'kukhota lokha.

"Palibe chavuta, achimwene. Akuluakulu a boma kuno angofuna kuiona, atsimikize kuti ili bwinobwino. Ikangotha ntchito ndikubwezerani."

"A boma?" Mawu awo anasintha, anadzaza ulemu. "Usadandaule, Fanu. Chinthu chochoka m'manja mwanga sichingakuchititse manyazi pamaso pa boma."

Mawu amenewo ndikanawaganizira mofatsa, koma ndinali wotanganidwa ndi kusangalala kuti ndapulumuka.

Linatsala funso la wonyamula. Pa sitima yapamadzi ikanafika ine nditathamangitsidwa kale. Koma Amalawi tili ndi positi yathuyathu, aliyense wokwera ndege amanyamula katundu wa anthu asanu. Ndipo munthu yekhayo amene ankanyamuka ku Lilongwe m'masabata amenewo anali apongozi anga, a Nachisale, mayi ake a Esinati, obwera kudzadikirira mdzukulu. Ndinamuyang'ana Esinati ndi maso opempha.

"Muwauze nokha," anatero. "Pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

Mkamwini kutuma apongozi kuti amunyamulire chitsulo! Munazimvapo kuti? Ndinaimba nditaimirira, nditavula chipewa, ngati akundiona. Ndinafunsa za miyendo yawo, za kutentha kwa ku Lilongwe, za nkhuku, za mpingo, mpaka nkhani zonse zinatha.

"Amayi, pali kakatundu kochepa kochokera kwa achimwene ku Mponela."

"Kochepa bwanji, a Nkhoma?"

"Kachitsulo chabe, amayi."

"Palibe vuto, bambo. Tinyamula."

Tsiku lofika tinapita ku bwalo la ndege masana, Esinati ndi mimba yake, ine ndi maluwa. Anthu a ndege yawo anatuluka onse, apongozi osaoneka. Ola linadutsa. Lachiwiri linadutsa. Esinati anali atayamba kutuluka thukuta, ine ndikunamizira kuwerenga zikwangwani. Kenako chitseko chinatseguka, apongozi akukankha ngolo ya katundu pang'onopang'ono, duku litapendekeka, chikwama chimodzi chitamatidwa ndi tepi mbali zonse. Anamukumbatira mwana wawo. Ine anandipatsa moni wonse mwaulemu, osadumphako ndi mawu amodzi omwe, ndipo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Nkhani inatuluka tili m'galimoto.

"A Nkhoma, mwandionetsa zinthu. Chikwama chitangodutsa m'makina awo muja anandiitanira m'kachipinda. Akuti mayi, ichi n'chiyani? Ine ndi Chingerezi changa cha sitandade 8 ndati sindikudziwa, n'cha mkamwini wanga. Akuti chimagwira ntchito yanji? Ndati sindikudziwa. Akuti kodi si chida cha nkhondo? Ndiye ine pofuna kuwakhazika mtima pansi ndati ayi, musaope, mwana wanga ndi msilikali."

"Amayi!" anakuwa Esinati.

"Pamenepo ndiye anabwera ena atatu."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso pamsewu, ndikupemphera kuti msewuwo ung'ambike ndilowemo.

Titafika kunyumba Esinati anagwada pa zikwama n'kuyamba kufufuza. Miyezi itatu yathunthu mayiyu ankalota usipa wouma ndi mfutso wa kwawo, pakati paja pankafuna zimenezo basi, ndipo mayi ake anali atamulonjeza. Anatulutsa zitenje, timalaya ta mwana, kenako chichitsulo changa chokulungidwa m'nsalu ziwiri. Anapisanso dzanja mpaka pansi.

"Amayi, usipa uja?"

"Ndinausiya, mwanangu, ndi mfutso womwe. Sikelo inakana. Ndinati katundu wa bambowa ndi wa boma, ndiwo zingadikire."

Esinati sanakalipe. Anangondiyang'ana, n'kutseka chikwama pang'onopang'ono. Amene munakwatira asilikali mukudziwa kuti akakalipa zimakhala bwinoko.

Koma ekizoziyo, anzanga, inali yokongola! Achimwene anali ataipala dzimbiri lonse, ataipaka penti yasiliva, ikuwala kuposa tsiku lomwe inachoka ku fakitale. Anamatapo kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo kuti, "Ndaigwira ndekha." Ndinaimangirira pa njinga m'mawa mwake, kutatsala masiku atatu kuti Okutobala athe. Nditailiza ndinaona ngati ikulira mokweza kuposa momwe ndinkaikumbukirira, koma ndinati ndi makoma a kunsi kuno. Munthu ukafuna chinthu kwambiri makutu amaphunzira kunama.

Apongozi anati apita nawo ku galaja. "Ndikufuna ndikaone ntchito ya chinthu chomwe chinatsala pang'ono kundimangitsa." Ndiye ine patsogolo pa njinga, iwo ndi Esinati pambuyo pa galimoto, ngati tikuperekeza mkwatibwi.

Manuel anatuluka akupukuta manja. Anati ndiilize, anamvetsera, nkhope n'kuyamba kukwinyika. Anatenga sipanala, anamasula ekizozi yomwe ndinaimanga ndi chikondi chonse, anaiika pa tebulo n'kuwalitsa tochi kukamwa kwake. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikodola.

"Bwera udzaone."

Ndinasuzumira. Munali mbee! Zisa za njuchi zomwe anandijambulira papepala zija munalibe ndi kachidutswa komwe, munangotsala mikwingwirima ya chitsulo m'mbali.

"Wina wagoba sefa yonse," anatero Manuel. "Ndipo amene wachita izi ndi waluso, sanaboole khoma ngakhale pamodzi. Koma tsopano iyi ndi paipi chabe, ngati inayo."

Ndinaimba ku Mponela pomwepo, ndipo mwangozi ndinatsegula sipika. Achimwene anayankha foni isanaitane kawiri, zikuoneka kuti ankaidikirira.

"Waiona ntchito, mphwanga? Nditaitsitsa pakhomo paja ndinati ndisuzumire mkati. Mayo ine, yotsekeka yonse! Zinthu zonga zisa za njuchi zitadzaza thothotho. Ndinati a boma akaona zimenezi amunyoza mng'ono wanga. Zathu za kabazazi zikatsekeka ndi mwaye timagoba kuti injini ipume, ndiye ndinati nayonso ndiichite chimodzimodzi. Ndinatseka shedi tsiku lonse, makasitomala ndinawabweza, ndikugoba ndi hamala. Zinali zouma, Fanu, manja anatuluka matuza. Koma ndinachotsa zonse. Asangalala a bomawo?"

Manuel sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndikuganiza kuti nkhope yanga inamumasulira. Esinati anatseka pakamwa ndi dzanja, sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Ine chomwe chinkangozungulira m'mutu mwanga ndi choti munthu wa ana anayi anatseka shedi tsiku lonse chifukwa cha bodza langa.

"Aiona, achimwene," ndinatero. "Akuti amene wagwira ntchitoyi ndi waluso. Zikomo kwambiri."

Nditadula foni apongozi anakonza duku lawo, anayang'ana ekizozi ili pa tebulo, n'kufunsa mofatsa ngati akufunsa nthawi.

"Ndiye a Nkhoma, ndinasiya usipa wa mwana wanga kuti ndinyamule paipi ya mphepo?"



Tsiku lomwelo, titabwerera kunyumba, ndinatuluka pakhonde paja n'kuimbanso. Ulendo uno ndinanena zonse. Ndinawauza kuti ekizoziyo sindinawasankhire, inali pakona ikutipunthwitsa. Ndinawauza ntchito ya zisa zija, ndi kuti njinga yalephera. Ndinayembekezera kuti akwiya, ndipo ndinkafuna akwiye kuti mwina mtima ungapepuke.

Achimwene anaseka chapansipansi.

"Fanu, ine ndine makaniko. Ukuganiza sindinaone kuti ndi yakale? Inafika ili ndi mwaye. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti waichotsa pa njinga yako ija."

"Nanga munaipachikiranji, achimwene?"

"Chifukwa inachoka pa njinga yomwe unaidzutsa ndi manja ako. Iwe amene unkalephera ngakhale kupopa tayala! Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti mng'ono wanga kunjako anadzutsa injini yakufa." Anapuma kaye. "Ukanangondiuza ntchito ya zisazo, mphwanga. Ndikanazikulunga m'thonje."

Ndinakhala pansi pakhondepo. Zaka zonsezi ndinkafuna munthu woti anditchule ndi dzina langa chifukwa cha njinga imeneyi, ndinkadzutsa aneba ku Manitoba pofunafuna munthu ameneyo, osadziwa kuti alipo kale ku Mponela, ndipo ine ndinamuyankha ndi kachala.

Esinati, mtima wake wabwino, anati tifufuze koisungitsa mpaka ipezeke ekizozi ina, mwina chaka chamawa. Ndinaganiza tsiku lathunthu. Mwina ikanapezekadi. Koma m'mawa wa tsiku lomaliza la Okutobala ndinapita kwa Che Jafali, mkulu wa ku Mangochi amene ali ndi nyumba yosungira katundu kuno ku Etobicoke ndipo amatumiza makontena kumudzi. Anabwera ndi kalole kake, anaizungulira njingayo kawiri, anaisisita thanki.

"A Nkhoma, mwatsimikiza? Anthu kuno amandibweretsera zotha. Inu mukutumiza yamoyo?"

Ndinati ndatsimikiza. Ndinaikankhira ndekha m'kalolemo, ndinaikamo ma ekizozi onse awiri, yasiliva ija ndi kaphokoso kaja, popeza ndinalonjeza kuti ndidzabweza. Chitseko chikutsekedwa ndinamva kuwawa kwenikweni m'chifuwa. Ndatumiza migolo kumudzi zaka zambiri, ndipo nthawi zonse ndikatseka chivundikiro ndinkamva kupepukidwa, nyumba yayera, abale athokoza. Aka kanali koyamba kutumiza chinthu chomwe ndinkachifunabe.

Njingayo inafika ku Mponela miyezi ingapo yapitayo. Achimwene ananditumizira chithunzi, njinga yaima patsogolo pa shedi, ekizozi yasiliva yabwerera pamalo pake pamwamba pa khomo, ndipo pa njingapo amangapo kapaipi kaphokoso kaja. Anatumizanso uthenga wa mawu momwe iwo sakulankhulamo chilichonse, ndi injini yokhayokha ikubangula, agalu a ku Mponela akuuwa kumbuyo. Ndi umene ndimamvetsera mukamandiona pa siteji nditagunditsa foni kukhutu. Mwana wathu anabadwa bwino, ndi wamkazi, ndipo usipa unafika ndi munthu wina iye ali ndi miyezi iwiri, mayi ake atasiya kale kuulakalaka.

Ndinalumbira, ndipo lero ndikulumbiranso pamaso panu. Chilichonse cholowa mu mgolo ndizichitchula dzina lake lenileni, chakutha ndizinena kuti chakutha, ndipo ndizifotokoza zomwe zili mkati mwake. Apongozi anga sindidzawatumanso kanthu, ngakhale singano. Lumbiro limeneli ndi losavuta kusunga, chifukwa tsiku lomwe ankabwerera ku Lilongwe ndinathamangira kuti ndiwanyamulire chikwama, iwo n'kuchikokera kumbuyo kwawo.

"Siyani, a Nkhoma, ndatseka kale ndi loko. Ngati pali kachitsulo kena, mukwere nako nokha."